Mmene komiti ingakonzere yokha mjigo wa Afridev umene mpingo unapereka

Mijigo yambiri imene mipingo inathandiza kukumba m'midzi ya ku Salima ndi Nkhotakota siima chifukwa choti pansi pauma. Imaima chifukwa cha tizipangizo ta mphira ndi pulasitiki tokwana m'dzanja limodzi, timene timatha chaka chisanathe koma palibe wotisintha. Mjigo ukangoti zii, amayi amabwerera kunyanja, ku Linthipe kapena ku Bua, komiti ya mjigo n'kumadikira kuti abusa kapena ansembe alembere kalata amene anapereka thandizo. Yankho limatenga miyezi, nthawi zina silibwera n'komwe. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unaonetsa poyera zimene zimachitika anthu a m'mphepete mwa nyanja akamamwa madzi osatetezeka.

Afridev, mtundu wa mjigo wopopa ndi handulo, anaupanga mwadala kuti zonse zimene zimatha msanga zizitulukira pamwamba, mapaipi ali momwemo. Anthu anayi odekha atha kumaliza ntchito yosintha tizipangizoti m'mawa umodzi. Ngati komiti yanu sinaphunzitsidwepo, ulendo woyamba itanani makaniki wa m'dera lanu aime pambali n'kumalozera, koma manja ogwira akhale anu.

## Zoyenera kusonkhanitsa musanayambe

- Sipanala ya mjigo ya 24 mm, imene inabwera ndi mjigowo.
- Chowedzera futivavu, chitsulo chokolera ndi kutulutsira futivavu (kachipangizo ka pansi penipeni kamene kamaletsa madzi kubwerera pansi). Ichinso chinayenera kusiyidwa kwa komiti pa tsiku lopereka mjigo. Ngati chinasowa, bwerekani kwa makaniki.
- Mabushi (timphete ta pulasitiki tovekedwa pa mapini a handulo) anayi atsopano: awiri a pa fakilamu pini, pini imene handulo imayenderapo pa mutu wa mjigo, awiri a pa hang'ala pini, pini yolumikiza handulo ndi hang'ala, chitsulo chimene marodi amalendewerapo. Bushi iliyonse ili ndi mbali yamkati ndi yakunja.
- U-seal imodzi (mphira wa pa pulanja, chokwezera madzi chimene chimayenda mu silinda, chitoliro cha kumapeto kwa mapaipi pansi), O-ring imodzi (mphira wozungulira wa pa futivavu) ndi mabobini awiri (timphira totsegula ndi kutseka njira ya madzi, kena mu pulanja, kena mu futivavu).
- Masentelaiza (mphira wosunga rodi pakati pa paipi) a marodi (ndodo zachitsulo zolumikiza handulo ndi pulanja), okwanira marodi onse a mjigo wanu. Rodi imodzi ndi yotalika pafupifupi mamita 3, ndiye mjigo wa mamita 30 uli ndi marodi pafupifupi khumi.
- Ndowa ya malita 20 yoyezera, ndi ndowa zina ziwiri za madzi oyera otungiratu.
- Sopo, nsalu zoyera ziwiri, ndi klorini wochokera kwa alangizi a zaumoyo.
- Mitengo iwiri kapena itatu yowongoka, yotsuka bwino, yogonekapo marodi kuti asakhudze dothi.
- Buku la mjigo ndi cholembera.

Girisi ndi oyilo zisiyeni kunyumba. Pa Afridev palibe malo amodzi ofuna mafuta.

Uzani mudzi tsiku lisanafike kuti aliyense atungiretu. Posankha tsiku kumbukirani kuti mjigo umamwetsa Akhristu ndi Asilamu omwe: Lachisanu masana, Loweruka ndi Lamulungu anthu ena amakhala ku mapemphero. Lachiwiri kapena Lachitatu m'mamawa ndiye bwino, dzuwa la kunyanja lisanayambe kuswa mtengo.

## Yambani mwadziwa chimene chavuta

1. Yezani ngati madzi akuthawira pansi. Popani mpaka madzi atuluke, kenako usiyeni mjigo kwa mphindi 30 osaugwira. Mukayambiranso werengani kuti mwapopa kangati madzi asanatuluke. Mukapitirira kasanu, ndiye kuti madzi akubwerera pansi: bobini kapena O-ring ya pa futivavu yatha, apo ayi paipi yabooka. Amayi amene amatunga m'bandakucha amadziwa kale zimenezi, afunseni.

2. Yezani kuchuluka kwa madzi. Madzi akayamba kutuluka bwino, ikani ndowa yopanda kanthu ndipo popani ka 40 mosalekeza, kwa mphindi imodzi, mukukweza handulo mpaka pamwamba ndi kuitsitsa mpaka pansi. Mjigo wabwino umapereka malita 15 kapena kuposerapo, ndiko kuti ndowa ya malita 20 imadzaza magawo atatu mwa anayi. Akapanda kukwana malita 10, U-seal kapena bobini ya mu pulanja yatha. Chenjezo: kupopa kwafupikufupi mothamanga, monga amachitira ana, kumanamiza muyeso.

3. Gwirani handulo n'kuigwedeza cha m'mbali. Ikamapita uku ndi uku, kapena chitsulo chikamalira pokhudzana ndi chinzake, mabushi atha.

4. Ikani khutu pa mutu wa mjigo wina akupopa. Phokoso lokhulana lochokera pansi likutanthauza kuti masentelaiza atha ndipo marodi akupala paipi. Ili ndi vuto losafuna kuzengereza, chifukwa rodi ikaboola paipi ntchito imachoka m'manja mwanu n'kupita kwa makaniki, mtengo wake n'kukwera.

Handulo ikapepuka ngati palibe chimene ikunyamula ndipo madzi osatuluka konse, rodi yaduka kapena yakoloweka penapake. Ikalemera kuposa masiku onse, kawirikawiri mchenga walowa mu silinda kapena rodi yapindika.

## Kuchotsa handulo

5. Onse ogwira ntchito asambe m'manja ndi sopo. Ana ndi oonerera akhale kunja kwa mpanda. Chotsani m'matumba a malaya zinthu monga makiyi, ndalama zachitsulo ndi foni, chifukwa mukawerama zimagwera mu paipi.

6. Masulani bawuti ya chivundikiro cha mutu wa mjigo n'kuchichotsa. Chitembenuzeni, chikhale mbale yoikamo tizipangizo.

7. Masulani manati awiri a hang'ala pini, kenako awiri a fakilamu pini. Amasuke mokwanira koma musawachotseretu pa mapini.

8. Wina atsitse handulo pansi kuti hang'ala ikwere. Lowetsani mpini wa sipanala pa kabowo ka pamwamba pa hang'ala, kenako kwezani handulo pang'onopang'ono mpaka sipanala itagona pa mutu wa mjigo. Tsopano kulemera konse kwa marodi kuli pa sipanala. Chenjezo: musachotse handulo sipanala isanagone bwino mbali zonse ziwiri, ndipo zala zisakhale pakati pa handulo ndi mutu wa mjigo.

9. Anthu awiri akoke handulo molunjika, wachitatu atchinge ndi manja kuti mapini ndi mabushi zisagwe. Chotsani mabushi onse anayi. Pukutani mapini ndi nsalu n'kuwayendetsa chala. Pini yosalala ibwerere, koma yokumbika kapena yokanda chala idzadya mabushi atsopano m'masabata ochepa, choncho ilembeni m'buku kuti igulidwe.

## Kutulutsa marodi ndi pulanja

Apa ndi pamene makomiti ambiri amalakwitsa, ndiye musafulumire.

10. Anthu awiri agwire hang'ala n'kukoka molunjika m'mwamba. Poyamba pamalemera chifukwa pulanja ikadali mu silinda ndipo ikunyamula madzi. Ikatulukamo zimapepuka.

11. Polumikizira poyamba pakaonekera, munthu mmodzi agwire rodi yapansi ndi manja awiri, ndipo anene mokweza kuti wagwira. Akatero m'pamene wina asunthe sentelaiza, apendeketse rodi yapamwamba n'kuikolowola. Lamulo ndi limodzi: rodi yapamwamba sichoka yapansi isanagwidwe. Marodi onyowa amaterera, ndipo akapulumuka amagwa ndi mphamvu yotha kuswa futivavu kapena silinda. Wogwira azipukuta m'manja pa rodi iliyonse, ndipo akatopa anene, wina amulandire rodi ikadali yolumikizidwa.

12. Gonekani marodi pa mitengo ija motsatana mmene akutulukira, onse aloze mbali imodzi. Rodi yapamwamba anaidula molingana ndi kuya kwa mjigo wanu, choncho iyenera kubwerera pamwamba pomwepo. Werengani marodi n'kulemba chiwerengerocho.

13. Yang'anani rodi iliyonse. Onani ngowe ndi kabowo kolumikizira ngati zaperepeseka kapena kung'aluka. Rodi yodyeka ndi dzimbiri mpaka kuonda idzaduka, musaibwezere. Pali malo amene madzi ake amadya chitsulo msanga. Ngati marodi anu atuluka ofiira komanso madzi a m'mawa amanunkha dzimbiri, kambiranani ndi makaniki zogula marodi osachita dzimbiri. Ndi odula, koma mumagula kamodzi.

14. Rodi yomaliza imatuluka ndi pulanja. Paipi ikangotsala pululu, phimbani pakamwa pake ndi nsalu yoyera.

15. Tsukani pulanja mu ndowa ya madzi oyera. Kankhani bobini yakale ndi chala ituluke, n'kulowetsa yatsopano mmene inakhalira yakaleyo. Igwedezeni: iziyenda momasuka.

16. Chotsani U-seal yakale ndi chinthu chobuntha monga mpini wa supuni, osati mpeni kapena msomali, kuopa kukanda ngalande imene imakhalamo. Nyowetsani yatsopano ndi madzi n'kuiveka. Onetsetsani kuti milomo yake yaloza kumwamba, ngati kapu yolandira madzi. Mukaiveka chozondoka, mudzamanga zonse, mudzapopa mpaka thukuta, madzi osabwera. Iyendetseni ndi chala kuzungulira kuti muone ngati sinapotoke.

Yang'anitsitsani U-seal yakaleyo musanaitaye. Ikakhala ndi mizere yakuya ngati yokandidwa ndi mphaka, mchenga ukulowa mu mjigo. M'madera a mchenga a kufupi ndi nyanja zimenezi zimachitika, ndipo U-seal imatha msanga kuposa kumtunda. Sungani ziwiri nthawi zonse, ndipo muuzeni makaniki aone ngati silinda sinatsikire kwambiri.

## Kuwedza futivavu

Ngati muyeso woyamba uja unaonetsa kuti madzi sakuthawa ndipo chaka sichinathe chisinthireni bobini ndi O-ring, gawo ili mutha kulidumpha. Apo ayi pitirizani.

17. Mangani chowedzera kumapeto kwa rodi yapansi m'malo mwa pulanja. Mangitsani. Chowedzera chikatsalira pansi, mwawonjezera vuto pa vuto.

18. Tsitsani marodi limodzilimodzi motsata dongosolo lija, mukugwira monga poyamba. Rodi yomaliza itsitseni mofatsa mpaka mutamva kuti yagunda futivavu. Musaimenyetse.

19. Zungulitsani marodi pang'onopang'ono, n'kuyesa kukoka. Mukamva kulemera ndiye kuti yakola. Ikapanda kukola, tsitsani n'kuzungulitsanso. Zimatheka kuyesa katatu kapena kanayi, osataya mtima. Kokani mwamphamvu koma mosadzidzimutsa. Futivavu ikazuka mumamva madzi a mu paipi akutsika, marodi n'kupepuka.

20. Tulutsani marodi onse kachiwiri. Tsukani futivavu, sinthani bobini, ndipo chotsani O-ring yakale ndi chikhadabo kapena supuni ija. Yatsopano ikhale bwino m'ngalande yake. Nthawi zina mumapeza kuti mphira ulibe vuto, koma kamwala, kamtengo kapena kachidutswa ka pulasitiki kanapanikizika pansi pa bobini. Ngakhale zili choncho sinthanibe, poti mwatsegula kale.

## Kubwezeretsa zonse

21. Tsukani marodi, pulanja ndi futivavu ndi madzi a klorini monga mwa muyeso umene alangizi a zaumoyo akupatsani. Chilichonse cholowa mu paipi chikulowa m'madzi akumwa a mudzi wonse.

22. Ponyani futivavu mu paipi, mbali yokolowekera chowedzera italoza kumwamba.

23. Bwezerani pulanja pa rodi yake. Tsitsani marodi motsatana, mukuveka sentelaiza yatsopano pa rodi iliyonse. Werenganinso: chiwerengero chifanane ndi chimene munalemba.

24. Marodi onse akalowa, akankhireni pansi mofatsa ndi dzanja kuti pulanja ikhazike futivavu pamalo pake. Mukadumpha apa, futivavu imakhala yolendewera ndipo madzi amathawa ngati simunakonze kanthu.

25. Pachikaninso hang'ala pa sipanala. Lowetsani mabushi atsopano pa mapini onse awiri, mukuonetsetsa kuti timano tawo talowa m'mipata yake. Bwezerani handulo, mapini akhale m'malo mwake mpaka kumapeto, ndipo mangani manati mosinthanasinthana, mbali iyi pang'ono, mbali inayo pang'ono. Tsitsani handulo, solorani sipanala.

26. Popani mpaka madzi ayere ndipo fungo la klorini lichepe. Bwerezani miyeso iwiri ija, ya mphindi 30 ndi ya kupopa ka 40. Zikayenda, vundikirani n'kumanga bawuti. Lembani m'buku tsiku, zimene mwasintha, mtengo wake ndi malita amene mjigo wapereka.

Ngati mwasintha zonsezi koma madzi akuthawabe, paipi yang'aluka kapena silinda yatha. Imeneyo si ntchito ya komiti. Mapaipi a Afridev ndi omatidwa ndi guluu kukhala chinthu chimodzi chachitali, ndipo kuwazula kumafuna makaniki ndi anthu ambiri ochirikiza ndi mitengo ya mphanda. Marodi ogwera pansi nawonso ndi a makaniki. Mjigo umene umapereka bwino m'mawa koma n'kumauma masana mu Okutobala ndi Novembala ulibe vuto la mphira: madzi apansi atsika, ndipo nkhaniyo ipite ku ofesi ya zamadzi ya boma lanu.

## Ndalama za zipangizo

Mabushi, U-seal, O-ring, mabobini ndi masentelaiza muziziona ngati zosintha chaka ndi chaka, mjigo usanaime. Mjigo umodzi amauwerengera anthu pafupifupi 250. Ngati wanu uli pa tchalitchi, pa sukulu kapena pafupi ndi doko la asodzi ndipo ukumwetsa anthu oposa pamenepo, mabushi ndi U-seal zionedwe miyezi isanu ndi umodzi iliyonse.

Banja lililonse lizisonkha mwezi ndi mwezi ndalama imene mudzi wagwirizana pamaso pa mfumu. Kumene ndalama imaoneka pa nyengo, monga pokolola mpunga ku Lifuwu kapena ku Nkhotakota, ndi bwino kulola anthu kulipiriratu miyezi ingapo nthawi imodzi. Okalamba ndi ena osowa pogwira amene sazisonkha atchulidwe poyera pa msonkhano, kuti pasadzakhale manong'onong'o.

Ndalama zikakwana, gulani zipangizo n'kusunga zipangizozo. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsika ndi 44 peresenti, ndipo ndalama zimene zinali gone m'mabokosi a makomiti zinasiya kugula zimene zikanagula kale. U-seal yosungidwa m'chitini chotseka, pamthunzi, siitsika mtengo. Zotsala zisungidwe kumene munthu mmodzi sangatape yekha, ndipo msungichuma aziwerenga poyera zolowa ndi zotuluka miyezi itatu iliyonse.

Mpingo uli ndi gawo lake, ndipo ndi lalikulu: kulengeza tsiku losonkha ndi losesa, kupereka malo ochitira misonkhano, kukumbutsa za ukhondo, ndi kuonetsetsa kuti mjigo ukudziwika ku ofesi ya zamadzi kuti komiti iphunzitsidwe. Koma komiti isankhidwe ndi mudzi wonse, ya anthu pafupifupi khumi, ambiri akhale amayi chifukwa ndiwo amakhala pa mjigo tsiku ndi tsiku, ndipo mukhale anthu a mipingo ina ndi a ku mzikiti. Mjigo ukamatchedwa wa mpingo wakutiwakuti, ena amatunga koma sasonkha, poganiza kuti eni ake alipo.

## Ukhondo wa pa mjigo ndi wa m'nyumba

1. Sesani simenti ndi ngalande tsiku lililonse, mabanja azisinthana. Ming'alu ya pa simenti imateni msanga, chifukwa madzi akuda amatsikira momwemo kubwerera mu chitsime.
2. Kumapeto kwa ngalande kukhale dzenje lodzaza miyala. Likadzaza matope, fukulani miyala, itsukeni, ibwezereni. Chithaphwi pa mjigo chimaitana udzudzu, mbuzi ndi nkhumba.
3. Mpanda ukhale ndi khomo lotseka. Kuchapa, kutsuka mbale ndi kutumbula nsomba zichitikire kunja kwa mpanda, kumunsi.
4. Chimbudzi, khola ndi dzala zikhale mamita osachepera 30 kuchoka pa mjigo, ndipo kumunsi kwake. Pa mchenga pamene madzi ali pafupi, talikitsani kuposa apa.
5. Tsukani ndowa ndi sopo musanatunge, ndipo ivundikireni. Masamba oika pamwamba kuti madzi asatayike ndi zala zogwira m'kamwa mwa ndowa posenza zimaipitsa madzi amene anatuluka oyera.
6. Kunyumba mukhale makapu awiri, yotungira ndi yomwera. Nyengo ya mvula kapena kolera akamveka, thirani kachivundikiro kamodzi ka WaterGuard mu malita 20, takasani, dikirani mphindi 30.
7. Pa khomo la chimbudzi chilichonse pakhale mpondagiya wokhala ndi madzi ndi sopo. Sopo akasowa, phulusa.

## Zolakwika zimene zimabwerezedwa kawirikawiri

Kudikira mjigo uime. Mabushi akatha handulo imagwirabe ntchito, anthu n'kumati tiona mawa. Pamenepo chitsulo chikudya chitsulo, ndipo mapeto ake mumagula mapini ndi handulo m'malo mwa tipulasitiki tinayi.

Kudula mphira wa tayala kapena wa patapata kuti ukhale U-seal. Umagwira masiku ochepa, kenako umanyenyeka, tizidutswa take n'kukatsekereza mabobini.

Kupaka girisi pa mabushi kuti phokoso lithe. Girisi amagwira fumbi ndi mchenga n'kusanduka chopalira, komanso amatsikira m'madzi.

Kubwezera marodi opanda masentelaiza chifukwa sanakwane. Ndi bwino kubwezera akale amene akadali ndi mnofu kusiyana n'kusiya rodi ili yokha mu paipi.

Kulola ana kulendewera pa handulo kapena kuimenyetsa pansi. Kumenyetsako kumamasula manati, kumathyola mabushi ndi kutopetsa ngowe za marodi. Wamkulu aliyense wopezeka pa mjigo ali ndi ufulu woletsa.

Kusiya sipanala ndi chowedzera kwa munthu mmodzi. Akasamuka, akapita ku usodzi kwa miyezi kapena akakangana ndi komiti, zida zimapita naye. Zilembedwe m'buku, zisungidwe pamalo amene anthu atatu akudziwa, ndipo sipanala ya mjigo isabwerekedwe kokakonzera ngolo kapena njinga.

Kuphunzitsa anthu awiri okha. Tsiku lililonse lotsegula mjigo pakhale munthu mmodzi watsopano, makamaka mayi kapena wachinyamata wokhazikika m'mudzimo, amene agwire rodi ndi kuveka U-seal ndi manja ake.

Kugula zipangizo osatenga zakale. Mapulanja a Afridev alipo a pulasitiki ndi a chitsulo cha mkuwa, ndipo mphira wake sufanana nthawi zonse. Wopita kukagula ku Salima, ku Nkhotakota kapena ku Dwangwa atenge mphira wakale m'thumba, akaufananitse ndi watsopano asanapereke ndalama, ndipo abwere ndi lisiti.